Mwana wanga wamenyana ndi mnzake kusukulu, nditani?

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wawo wa Fomu 2 adabwereka foni ya mnzake n'kuswa sikirini, ndipo nkhaniyo idathera pa zibakera. Onse awiri aimitsidwa sukulu kwa sabata ziwiri, koma tsopano anzawo a mbali zonse akumadikirirana kubwalo la mpira akaweruka. Malume ake akuti angokwapulidwa basi.

Mayi, chikwapucho chisiyeni. Mukamukwapula, ukali wonse akautsanulira pa mnzake uja, ndipo paja nkhonya yobwezera kuwawa.

Chimene chimakoleza ndewu ya anyamata ndi oonerera. Ndidazionapo ndikuphunzitsa: awiri agwirana makolala, aliyense maso ali uku ndi uku kusaka woleretsa, koma anzawo azungulira akukuwa kuti "m'patse! m'patse!" Wobwerera m'mbuyo atchedwa wamantha mpaka teremu kutha. N'chifukwa chake sindifuna kuti muwayanjanitse pagulu, ngakhale pa asembule. Palibe mnyamata angagonje anzake akuyang'ana.

Chitani monga amachitira ankhoswe, kumva kaye mbali iliyonse payokha. Mnyamata aliyense asankhe wamkulu amene amamukhulupirira, kaya mphunzitsi, kochi wa timu kapena mkulu wa mpingo. Wamkuluyo amufunse ali awiri: chidachitika n'chiyani, chidakupweteka mumtima n'chiyani, ukufuna zithe bwanji? Kenako akumane anayi okha. Wina akamalankhula mnzake asamudule, ndipo asanayankhe ayambe wabwereza zomwe wamva. Zimaoneka zachibwana, koma apa ndi pomwe mwana wanu angamve koyamba kuti mwina foniyo idali ya mchemwali wa mnzakeyo, ndipo kunyumba adakalipidwa koopsa.

Sikirini isakwiriridwe ndi "pepani" wapakamwa. Agwirizane mtengo, mwana wanu alipireko ndi thukuta lake, ngakhale ndi ganyu wa Loweruka. Lamulo lathu la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 nalonso limalola kuti mwana wolakwa pa mlandu waung'ono apepese ndi kubweza zomwe waononga m'malo mozengedwa kukhoti.

Magulu a kubwalo aja akauzidwe ndi eni ndewu awiriwo, atayendera limodzi, kuti nkhani yatha. Koma mukamva kuti wina wanyamula mpeni kapena chikwanje, musadikire za ankhoswe. Dziwitsani aphunzitsi aakulu tsiku lomwelo, pitani ku Victim Support Unit, ofesi ya kupolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.