Galimoto yatsopano pa Facebook, koma ya fizi akuti palibe

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Alongo ake anapita ku America ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Indiana. Funso lake ndi ili: "Pa Facebook akuonetsa galimoto yatsopano, foni yatsopano ndi nsapato zodula, koma tikapempha ya fizi ya mwana akuti zinthu zavuta. Kodi America imasintha munthu mtima, kapena akungotinamiza?"

Achemwali, n'kutheka ndithu kuti sakunama. Galimoto mukuionayo mwina idakali ya banki, ndipo mwezi uliwonse amailipira pamodzi ndi inshuwalansi asanagule n'chakudya chomwe. M'madera ambiri a ku America munthu wopanda galimoto safika kuntchito. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, nyumba zinayamba kumangidwa kutali ndi pakati pa mizinda. Ku Levittown, pafupi ndi New York, anayamba mu 1947 n'kumanga nyumba zoposa 17,000. Mu 1956 Pulezidenti Eisenhower anasainira lamulo lomanga misewu ikuluikulu yolumikiza dziko lonse. Kuyambira pamenepo sitolo, sukulu ndi ntchito zinatalikirana, ndipo kulibe minibasi yoti muiimitse pamsewu.

Ngongole nayo ili ndi nkhani yake. Kumeneko munthu amakhala ndi nambala yosonyeza mmene amabwezera ngongole. Yotchuka ndi ya FICO, yomwe inayamba mu 1989 ndipo imachokera pa 300 kufika pa 850. Mabanki amaiyang'ana, eni nyumba za lendi ambiri amayang'ananso mbiri imeneyi. Mlendo amene sanakongolepo kalikonse alibe mbiri, choncho amamukayikira ngakhale akhale wokhulupirika chotani. Kuti amudalire ayenera kukongola kaye. Chizolowezichi chinachita kubzalidwa: mu 1958 Bank of America inatumiza makadi angongole pafupifupi 60,000 kwa anthu a mumzinda wa Fresno omwe sanawapemphe n'komwe. Khadi limenelo ndi lomwe linadzakhala Visa. Pofika 2023 ngongole za pamakadi m'dzikomo zinadutsa madola 1 thiriliyoni.

Koma funso lanu ndi la mtima, ndipo apa mpamene ndikufuna tikhalitsepo. Mwana wa ku America amakula akumva kuti munthu amadzipanga yekha. Chikalata chawo cha ufulu cha 1776 chimatchula moyo, ufulu ndi kufunafuna chimwemwe ngati zinthu zimene munthu aliyense amabadwa nazo. Kuno mlendo timamufunsa kwawo, mfumu yake ndi mfunda wake, ndipo akayankha tamudziwa. Uko palibe amene akudziwa kuti alongo anu ndi mwana wa yani. Amafunsidwa ntchito imene amagwira, ndipo zotsalazo anthu amaziwerenga pa galimoto, pa zovala ndi pa dera limene akukhala. Munthu amene amatha usiku wonse akusambitsa ndi kutembenuza odwala, ena osamuyang'ana n'kumaso komwe, akajambulitsa pambali pa galimoto amakhala akunena kuti ulendo wake sunapite pachabe. Ine sindingamuseke.

Amalonda anaizindikira kalekale njala imeneyi. M'zaka za m'ma 1920 Alfred Sloan, mkulu wa kampani yopanga magalimoto ya General Motors, anasanja magalimoto ngati makwerero, Chevrolet pansi, Cadillac pamwamba, kuti munthu akakwera pa ntchito asinthenso galimoto anzake aone. Kampaniyo inayambanso kusintha maonekedwe a galimoto chaka ndi chaka kuti ya chaka chatha izichititsa manyazi ikadali yabwinobwino. Mu 1929 Edward Bernays, pogwirira ntchito kampani ya fodya wa Lucky Strike, anakonza zoti atsikana asute poyera pa chionetsero cha Isitala ku New York, nkhani n'kufalitsidwa ngati ya ufulu wa amayi. Ngakhale boma lili momwemo. Mu 1939 Pulezidenti Roosevelt anasuntha tsiku la Thanksgiving, la chikondwerero chothokoza cha mu Novembala, kuti lifulumire ndi sabata imodzi, n'cholinga choti nyengo yogula zinthu za Khirisimasi italike. Lero pafupifupi magawo awiri mwa atatu a chuma cha America amachokera pa zimene anthu wamba amagula.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti moyo umenewu umaphunzitsa munthu kuti ndalama yake ndi ya iye yekha, ndipo kuthandiza m'bale kumasanduka chifundo chochita ukafuna. Apa dandaulo lanu lili ndi mutu. Galimoto ndi yofunika, koma foni yatsopano ndi nsapato zodula palibe anawakakamiza.

Ndiye musawayambe ndi zithunzi zija, adzangodziteteza. Afunseni mofatsa kuti lendi, galimoto, inshuwalansi ndi makadi zikachoka pamalipiro pamatsala zingati. Kenako mugwirizane kandalama kokhazikika ka mwezi ndi mwezi, ngakhale kochepa, ndi tsiku lake lotumizira. Moyo wa kumeneko umayendera mabilu a pamwezi, ndipo pempho lobwera mwadzidzidzi limapeza ndalama zitagawidwa kale. Fizi ya mwanayo ilowe pamndandanda womwewo, muziisunga inu mpaka teremu itsegulire.