Kodi Mphoto za Luso la Pulasitiki Yoyendetsa Magetsi Amalandira Ndani?

FUNSO: Akonzi, ine ndimadziwa kuti pulasitiki ndi imene imakuta mawaya kuti anthu asagwidwe ndi magetsi. Koma ndamva kuti kuli makampani opanga zipangizo zamagetsi ndi pulasitiki, ndiponso kuti akatswiri a ntchitoyi amapatsidwa mphoto. Kodi n'zoona, nanga amene amalandira mphotozo ndi oyeneradi? — Mphunzitsi wa sayansi

YANKHO: Aphunzitsi, zimene mwamvazo n'zoona. Pulasitiki wamba siyendetsa magetsi, koma mu 1977 Hideki Shirakawa, Alan MacDiarmid ndi Alan Heeger anaonetsa kuti pulasitiki yotchedwa polyacetylene ikalowa nthunzi ya ayodini imayamba kuyendetsa magetsi. Nkhaniyi inayambira mu labotale ya Shirakawa ku Tokyo, kumene mankhwala ena anathiridwa mopitirira muyezo, ndipo m'malo mwa ufa wakuda umene unkayembekezeka munatuluka kanthu kopyapyala konyezimira ngati siliva. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2000, patatha zaka 23.

Kuchedwa koteroko si kwachilendo. Ching Tang ndi Steven Van Slyke a kampani ya Kodak anapanga OLED (kachipangizo kopyapyala kamene kamatulutsa kuwala kakalandira magetsi) yoyamba yowala bwino mu 1987, luso limene lero likuwalitsa masikirini a mafoni ambiri, koma Tang analandira mphoto ya Wolf mu 2011 ndi ya Kyoto mu 2019. Ku yunivesite ya Cambridge nako, gulu la Richard Friend linalengeza mu 1990 kuti pulasitiki ingathe kutulutsa kuwala. Makampani nawo ali ndi mphoto zawo, monga zimene zimaperekedwa pa LOPEC, chionetsero cha zipangizo zamagetsi zoterezi ku Munich.

Kuti anthu ndatchulawa ndi oyenera, sindikukayika ngakhale pang'ono. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti maso a opereka mphoto amathamangira chinthu chatsopano chokongola, pamene ntchito yovuta kwambiri imayamba chinthucho chikatuluka mu labotale. Kampani ya Plastic Logic, imene inakhazikitsidwa mu 2000 kuchokera ku kafukufuku wa ku Cambridge, inatamandidwa kwambiri chifukwa cha chipangizo chake chowerengerapo chotchedwa QUE, koma mu 2010 inachisiya chisanafike n'komwe m'manja mwa ogula. Konarka, imene inkapanga ma sola opindika a pulasitiki, inagwa mu 2012 ngakhale kuti Heeger mwiniwake anali m'gulu la oiyambitsa. Sikuti anthuwa analibe nzeru ayi, koma kupanga chinthu chimodzi chodabwitsa n'kosiyana ndi kupanga zikwizikwi zolimba pa mtengo woti anthu n'kukwanitsa.

Mdani wamkulu wa zipangizozi ndi chinyezi ndi mpweya wa okosijeni. Zikangolowa pang'ono m'sikirini ya OLED, pamaoneka timadontho takuda timene timakula mpaka chithunzi chonse kuonongeka. Galasi limatchinga bwino chinyezi, koma pulasitiki imachilola kudutsa pang'onopang'ono, choncho kuti sikirini yopindika itheke panafunika mainjiniya amene anatha zaka akuyesa kusanjikiza timiyalo topyapyala kwambiri totsekereza mpweya ndi madzi. Enanso akulimbanabe ndi kuwala kwa buluu, kumene kumazirala msanga kuposa kofiira ndi kobiriwira. Anthu amenewa mayina awo samveka kawirikawiri, ndipo lamulo la Nobel loti mphoto imodzi ya sayansi isagawidwe kwa anthu oposa atatu silingawafikire.

Ndikanakhala pakati pa oweruza, ndikanafuna kuti pakhale mphoto yapadera ya magulu otere, ndipo chinthu chilichonse chopikisana ndikanachifunsa kuti chimagwira ntchito maola angati chisanazirale, ndi zingati mwa 100 zimene zimatuluka m'fakitale zili zabwinobwino, ndiponso chidzatayidwa kuti chikatha ntchito, popeza kulekanitsa pulasitiki ndi zitsulo zomatirirana chonchi n'kovuta. Mukamaphunzitsa ana za Shirakawa ndi anzake, muziwauzanso za mainjiniya otsekereza chinyeziwo, chifukwa popanda iwo mafoni opindika amene anayamba kufala mu 2019 sakanatheka.