Mlandu wa Dreyfus ngwaukulu, gwirani nthambi imodzi

Wophunzira History wa chaka chomaliza walemba kalata ali ndi nkhawa. Akufuna kuchita kafukufuku pa Alfred Dreyfus, kaputeni wachiyuda amene anamangidwa ku France mu 1894 pomunamizira kuti amagulitsa zinsinsi za asilikali ku Germany. Kwatsala miyezi inayi, tsamba ndi limodzi lomwe sanalembe, ndipo bambo ake akuti uku nkutaya fizi. Makalata otere amabwera chaka ndi chaka.

Choyamba, lekani kuzengereza. Vuto ndi loti mukufuna kumeza mlandu wonse, kuchokera 1894 mpaka 1906 pamene khoti lalikulu linamuyeretsa. Simungathe. Za ulendo wa ku Paris muiwale, palibe amene angalipire zimenezo pa digiri yoyamba.

Tengani funso limodzi: umboni unapotozedwa bwanji? Mutu woyamba ukhale wa kapepala kosasainidwa kotchula zinsinsi za asilikali, kamene mayi wosesa anatola m'dengu la zinyalala ku ofesi ya kazembe wa Germany. Akatswiri a kalembedwe anasemphana ngati anakalemba ndi Dreyfus, koma Alphonse Bertillon, katswiri wa apolisi a ku Paris, anaumirira kuti Dreyfus anasintha dala kalembedwe kake. Mutu wachiwiri ukhale wa mlandu weniweniwo: oweruza asanu ndi awiri anapatsidwa fayilo yachinsinsi imene loya wa Dreyfus, Edgar Demange, sanaonetsedwe. Mlanduwo unazengedwa mobisa, chigamulo nkuperekedwa pa 22 Disembala 1894. Mutu wanu wachitatu ukhale wa Georges Picquart, mkulu wa nthambi ya ukazitape ya asilikali a France, yemwe mu 1896 anazindikira kuti kapepala kaja anakalemba ndi msilikali wina, Ferdinand Esterhazy, akuluakulu nkumuthamangitsira ku Tunisia, komanso chikalata chabodza chimene Hubert Henry, msilikali wa nthambi yomweyo, anavomera mu 1898 kuti anapeka. Mitu itatu, basi.

Ambiri amagwa apa: amathera masamba khumi pa kalata ya pa 13 Januwale 1898 imene mlembi wa mabuku Émile Zola anatulutsa mu nyuzipepala poikira kumbuyo Dreyfus, umboni weniweniwo osaufufuza. Enanso amaiwala kufotokoza mmene chidani pa Ayuda chinapangitsira akuluakulu kuloza Dreyfus msanga. Nyuzipepala za nthawiyo zili pa Gallica, laibulale ya pa intaneti ya dziko la France, zaulere, koma ndi za Chifalansa. Ngati simuchimva, uzani supavaiza wanu sabata ino kuti mudalira zomasuliridwa.

Inu bambo, mwanayu wafika kale chaka chachinayi, kumugwetsa mphwayi lero kupindula chiyani? Kusanthula umboni ndi luso lomwe amafuna kusukulu ya zamalamulo ndi ku utolankhani. Mutu wokhawu sumupezera ntchito, zoona, koma akaulemba bwino akhala ndi chosonyeza pofunsira malo.

Mwanawe, pofika Lachisanu masamba asanu onena za kapepala kaja akhale atalembedwa.