Kwa mayi amene mwana wawo akufuna kuphunzira psychology ndi criminology pamodzi

Mayi, mwafunsa ngati n'kwanzeru kuti mwana wanu wamkazi, amene akumaliza A-level kuno ku England, atenge digiri yophatikiza psychology (maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu) ndi criminology (maphunziro a umbanda ndi mmene dziko limathanirana nawo) m'malo mwa psychology yokha, komanso ngati digiri yotereyi ingamufikitse pa ntchito imene akuilakalaka yogwira ndi apolisi, makhoti ndi akaidi. Ine ndikuona kuti kuphatikizako n'kwabwino ndithu, koma pali chinthu chimodzi chimene muyenera kutsimikiza asanatumize fomu yake ku UCAS, bungwe limene limalandira mafomu ofunsira malo m'mayunivesite, ndicho chakuti digiri imene wasankhayo ndi yovomerezedwa ndi bungwe la British Psychological Society, limene ambiri amangolitchula kuti BPS.

Ndikutsindika chimenechi chifukwa dzina la digiri silinena zonse. Mayunivesite awiri akhoza kukhala ndi madigiri a dzina lofanana, wina wovomerezedwa ndi BPS ndipo wina ayi, ndipo ngakhale pa yunivesite imodzimodzi zimatheka kuti psychology yokha ndi yovomerezedwa pomwe yophatikizayo siili m'kaundula wa bungweli. Bungweli limafuna kuti wophunzira adutse m'magawo onse akuluakulu a psychology, monga kagwiridwe ka ntchito ka ubongo, kukumbukira ndi kuganiza, kakulidwe ka munthu kuyambira ali khanda, khalidwe la munthu pakati pa anzake ndi njira zochitira kafukufuku, ndipo m'chaka chomaliza achite kafukufuku wakewake n'kukhoza. Maphunziro awiri akagawana zaka zitatu zokha, china mwa zimenezi chimatha kusiyidwa. Amene wamaliza digiri yovomerezedwa ndi giredi ya 2:2 (gawo lotsika la kalasi yachiwiri) kapena kuposera apo amapeza chivomerezo cha BPS chimene amachitcha Graduate Basis for Chartered Membership, ndipo popanda icho sangalowe maphunziro a ukatswiri. Amene wachiphonya amayenera kubwereranso m'kalasi kukachita digiri yowonjezera ya chaka chathunthu, imene ndalama zake ndi zambiri ndipo ikanapeweka pongofunsa funso limodzi pachiyambi.

Mwana wanu adziwenso kuti digiri yoyambayo siimupanga kukhala forensic psychologist, katswiri wa psychology wogwira ntchito ndi makhoti ndi akaidi. Dzina limeneli ndi lotetezedwa ndi lamulo, ndipo kuyambira 2009 munthu sangaligwiritse ntchito asanalembetsedwe ndi bungwe loona za ogwira ntchito zaumoyo, limene lero likutchedwa Health and Care Professions Council. Njira yodziwika ndi digiri yoyamba ya zaka 3, masters yovomerezedwa ya chaka chimodzi, kenako zaka zosachepera 2 akugwira ntchito moyang'aniridwa ndi katswiri. Pakatipa ambiri amayamba agwirako ntchito zing'onozing'ono m'ndende kapena m'zipatala za odwala matenda a maganizo kuti apeze luso, choncho zaka 6 ndi zochepetsetsa chabe. Amene amalemba ntchito akatswiri ambiri a mtunduwu ndi nthambi ya boma yoyang'anira ndende, HM Prison and Probation Service, ndipo ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi kukhala pansi ndi mkaidi, kuwerenga mafailo ake okhuthala, kuyesa ngati angadzalakwenso akatuluka ndi kulemba lipoti limene Parole Board, komiti yogamula ngati mkaidi angatulutsidwe, idzaligwiritse ntchito. Zofufuza chigawenga chosadziwika poyang'ana pamene panachitikira mlandu, zimene achinyamata ambiri amaziona pa kanema, ndi ntchito ya anthu owerengeka kwambiri m'dziko lonse lino.

Komabe sindikufuna kuti mumugwetse ulesi, chifukwa maphunziro awiriwa amathandizana m'njira imene ine ndimailemekeza kwambiri. Psychology imayang'ana munthu mmodzi ndi zimene zili m'mutu mwake, pamene criminology imafunsa za dera limene wakuliramo, umphawi, malamulo, apolisi ndi chifukwa chake anthu ena amamangidwa kawirikawiri kuposa ena pa zolakwa zofanana. Mu 1961 Donald West wa ku Institute of Criminology ya ku Cambridge anayamba kutsatira anyamata 411 a kum'mwera kwa London ali ndi zaka 8 kapena 9, ndipo David Farrington, amene anaphunzira psychology, anapitiriza ntchitoyo kwa zaka makumi angapo. Pofika zaka 50, pafupifupi 41 mwa 100 alionse anali atapezekapo olakwa kukhoti, koma kagulu kochepa, pafupifupi 7 mwa 100, n'kamene kanali ndi theka la milandu yonse. Zimene zinkalosera za kaguluka zinali zosakanikirana: kupupuluma ndi kusachita bwino kusukulu mbali ina, ndipo mbali inayo banja lalikulu losauka, kholo limene linamangidwapo ndi kusayang'aniridwa bwino pakhomo. Wophunzira mbali imodzi yokha amaona theka la mwana woteroyo.

Chitsanzo china chimene chimandikhudza ndi cha anthu ovomera milandu imene sanapalamule. Mu 1972 Maxwell Confait anaphedwa ku Catford mu London, ndipo anyamata atatu a zaka 14, 15 ndi 18 anavomera milandu yokhudza imfayo ndi moto umene unabuka m'nyumbamo atafunsidwa ndi apolisi popanda loya kapena kholo, chonsecho wamkulu mwa iwo anali ndi nzeru za mwana wa zaka 8. Khoti la apilo linathetsa chigamulocho mu 1975, ndipo mlanduwu ndi umodzi mwa imene inabala lamulo la Police and Criminal Evidence Act la 1984, limene pansi pake mafunso a apolisi amajambulidwa ndipo mwana kapena munthu wofooka m'maganizo amakhala ndi wamkulu womuperekeza. Gisli Gudjonsson, amene anali wapolisi kwawo ku Iceland asanakhale katswiri wa psychology ku London, anapanga muyeso woonetsa mmene munthu amatengekera ndi mafunso omutsogolera. Ntchito ya mtundu umenewu imafuna munthu wodziwa ubongo komanso wodziwa zimene zimachitika m'chipinda chofunsira mafunso ku polisi.

Mumuuze poyera kuti masamu sadzawathawa. Psychology ya ku yunivesite ili ndi statistics kuyambira chaka choyamba, ndipo ophunzira ambiri amene analowa poganiza kuti azingokambirana za zigawenga amadzidzimuka akapezeka pa kompyuta akusanthula manambala. Ngati amakonda kulemba ndi kutsutsana pa nkhani za chilungamo koma manambala amamuwawa, mwina mtima wake uli ku criminology, ndipo kumeneko kulinso ntchito zolemekezeka monga ya probation (kuyang'anira olakwa amene ali kunja kwa ndende), ya upolisi, yothandiza ana olakwira malamulo ndi ya kafukufuku m'boma.

Mwatchulanso kuti mwina adzabwerera kumudzi. Luso limeneli ku Malawi likufunika, ndipo zinaonekera khoti lalikulu litagamula pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007 kuti chilango cha imfa chokakamiza pa mlandu wakupha n'chosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Akaidi amene anali ndi chilangocho atayamba kumvedwanso mu 2015, makhoti anafunika umboni wa mmene maganizo awo analili ndi mmene anakulira, ndipo anthu otha kuyeza zimenezi anali ochepa. Pa chifukwa chimenechi ndingamulimbikitse kuti agwiritsitse mbali ya psychology mpaka kulembetsedwa.

Pakali pano, lowani pa webusaiti ya BPS pamene pali mndandanda wa madigiri ovomerezedwa ndipo mufufuze dzina lenileni la digiriyo pa yunivesite iliyonse mwa zisanu zimene alembe. Mukapita kukaona sukuluzo, mufunse ngati chivomerezocho chimadalira maphunziro amene wophunzira wasankha m'chaka chachiwiri ndi chachitatu, ngati kafukufuku womaliza ayenera kukhala wa psychology, komanso ngati pali chaka chokagwira ntchito m'ndende kapena m'chipatala asanamalize.