Funsani tikuyankheni: unduna wa mayi Joyce Banda ndi ntchito ya akazembe

Funso: Akonzi, kuno timatsutsana. Ena akuti mayi Joyce Banda ndiwo adathetsa ubale wa Malawi ndi Taiwan ali nduna, ena akuti iwo adangolengeza. Zoona zake n'ziti?
Wowerenga wa ku Mzuzu

Yankho: Amene akuti adangolengeza ndiwo ayandikira choonadi. Mayi Banda adalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 2004 ngati phungu wa Zomba Malosa, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika adawapatsa unduna woona za amayi ndi ana. Mu 2006 adawasamutsira ku unduna woona za maubale ndi maiko akunja, komwe adakhala mpaka 2009 pomwe adakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko.

Ubale ndi Taiwan udayamba mu 1966, nthawi ya Kamuzu. Chikalata chokhazikitsa ubale ndi China chidasainidwa ku Beijing pa 28 Disembala 2007, ndipo yemwe adasainira Malawi anali a Davis Katsonga, nduna ya mu ofesi ya Pulezidenti. Nkhaniyi idasungidwa mwachinsinsi mpaka pa 14 Januwale 2008 pomwe mayi Banda adaiulula kwa atolankhani. Malamulo oyendetsera dziko lino amaika mphamvu zokambirana mapangano ndi maiko ena m'manja mwa Pulezidenti. Nduna imalangiza, imakonza mapepala, n'kukayankhula m'dzina la boma. Izi sizikuchepetsa udindo wawo, pakuti nduna yomwe yaimirira pagulu kulengeza chiganizo cha boma yachivomereza ndithu.

Kukhala ndi onse awiri sikukadatheka. China salola ubale ndi dziko lomwe likuzindikira Taiwan ngati dziko loima palokha. Inu a ku Mzuzu mudaziona pafupi zotsatira zake: madokotala a ku Taiwan omwe ankathandiza pachipatala chachikulu cha Mzuzu adalongedza, ndipo odwala omwe adawazolowera adavutika pakusinthako. Ife timaona kuti apa boma lidayenera kukonzekera bwino. Msewu wa Karonga-Chitipa adadzaumaliza ndi a China, omwenso adamanga nyumba ya malamulo ya ku Lilongwe yomwe idatsegulidwa mu 2010.

Funso: Kodi nduna ndiyo imasankha akazembe? Nanga kazembe angapitikitsidwe bwanji?
Wowerenga wa ku Balaka

Yankho: Ayi, amasankha ndi Pulezidenti, koma dzinalo liyenera kuvomerezedwa ndi komiti ya aphungu yoona za anthu osankhidwa m'maudindo a boma. Komitiyi imamuitana munthuyo, kumufunsa mafunso ndi kuona mapepala ake a sukulu, ndipo ili ndi mphamvu zomukana.

Ntchito ya unduna imaonekera kwambiri pa gawo lina. Munthu asanakwere ndege, unduna umatumiza dzina ndi mbiri yake ku dziko lomwe akupitako kukapempha chilolezo chomwe akazembe amachitcha agrément. Dzikolo likhoza kukana popanda kupereka chifukwa, ndipo nthawi zambiri silikana poyera, limangokhala chete miyezi n'kumapita. N'chifukwa chake kulengeza dzina chilolezo chisanabwere n'kulakwitsa kwakukulu, chifukwa munthu amatsanzika abale, mwina kusiya ntchito kumene, kenako n'kukhala pakhomo. Chilolezo chikabwera, kazembe amanyamula makalata omutuma osainidwa ndi Pulezidenti. Kope lake amapereka ku unduna wa dzikolo akangofika, pomwe makalata enieniwo amakawapereka m'manja mwa mtsogoleri wa dzikolo pamwambo wapadera. Ku maiko a Commonwealth monga Zambia kapena Kenya udindowu umatchedwa High Commissioner, koma ntchito ndi yomweyo.

Za kupitikitsa, pangano la maiko loona za akazembe, lomwe lidasainidwa ku Vienna mu 1961, limalola dziko kunena kuti kazembe wakutiwakuti silikumufunanso, osafotokoza chifukwa. Chovuta n'choti dziko linalo limabweza. Mu Epulo 2011 boma la Malawi lidathamangitsa kazembe wa Britain, a Fergus Cochrane-Dyet, itaululika kalata yawo yachinsinsi yopita ku London yodzudzula ulamuliro wa a Mutharika. Britain nayo idathamangitsa woimira Malawi ku London, ndipo mu Julaye chaka chomwecho idaimitsa thandizo lomwe inkapereka mwachindunji ku bajeti ya boma. Inali nthawi yomwe ndalama zakunja zinali zikusowa kale ndipo magalimoto ankagona pamizere yodikira mafuta.

Mayi Banda nthawi imeneyo anali atachotsedwa kale m'chipani cha DPP, mu Disembala 2010, ngakhale anali akadali wachiwiri kwa Pulezidenti. Atalumbira kukhala mtsogoleri wa dziko pa 7 Epulo 2012, kukonza ubale ndi Britain kudali m'gulu la ntchito zomwe adayambira, ndipo chaka chomwecho London idatumizanso kazembe ku Lilongwe.