Chithunzi cha thengo chopanda nyama: kodi bambo anaberedwa?

Mayi wina wa ku Kapata wandilembera pa imelo. Akuti amuna awo anachokera ku Mfuwe, kufupi ndi paki ya South Luangwa, atanyamula chithunzi chapenti cha thengo la ku Luangwa, n'kuchikoloweka pabalaza. Koma mulibe njovu, mulibe mkango, mitengo youma yokhayokha ndi mchenga. Funso lawo n'lakuti: "Kodi sanawadyere ndalama?"

Amayi, bambowo musawakalipire kaye. Ine ndikaima pa chithunzi cha thengo sindiyamba ndi kusaka nyama. Ndimayamba ndadzifunsa kuti umenewu ndi mwezi wanji. Mchenga wambiri, madzi atatsala kamzere chabe, ndiye kuti ndi Okutobala, pamene mtsinje wa Luangwa umaphwa mpaka mvuu kumapanikizana m'maiwe otsala. Tsopano yang'anani kumwamba. Ngati thambo lili mbuu, mapiri a Muchinga akuoneka mwa apo ndi apo, wojambulayo chigwa cha Luangwa amachidziwa, chifukwa nyengo imeneyo fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire zimaphimba mapiriwo. Wina akakuikirani thambo lobiriwira bwino, mapiri ali ngwee, pamwamba pa mitengo yoyoyoka masamba, ameneyo wasakaniza dzinja ndi chilimwe.

Kenako sendererani pafupi ndi mitengoyo. Mupani, umene ena amati tsanya, m'chigwa muja nthawi zambiri umakhala wothyokathyoka pa msinkhu umodzi, ngati munthu anadutsamo ndi chikwanje. Si munthu ayi, ndi njovu zimene zimadya nsonga zake. Mukaona zimenezo, njovu zija mukuzifunazi zilimo kale. Pagombe napo onetsetsani: timadontho takuda pa dothi logumuka tingakhale zisa za mbalame zofiira zija zimene zimakumba mauna m'gombe cha mu Seputembala.

Kunena zoona, zithunzi zodzaza nyamalikiti, mkango ndi dzuwa lofiira likulowa, zonse pamodzi, zimanditopetsa. Zimenezo amajambulira alendo ofulumira kukakwera ndege. Paki ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa mu 1972, ndi yaikulu masikweya kilomita 9,050, ndipo mungayendemo nthawi ndithu osaona kanthu koma thengo lili zii.

Chokhacho, chithunzicho chisakhale pamene dzuwa limaomba kapena pafupi ndi utsi wa mbaula, penti angasuluke. Ndipo mundijambulireko pa foni, ndione ngati mipaniyo ndi yothyoka.