Ayambe wamfupi uja

Achimwene, mwafunsa kuti mwa anyamata awiri omwetsa zigoli m'timu yathu ayambe ndani Loweruka. Ine ndikuti wamfupi uja, wamanzere.

Wamtaliyo liwiro ali nalo, mpira wamutu amaudziwa, sindikukana. Koma ndinawaonera onse awiri pa Chitowe ku Dwangwa, mwera ukuwomba. Mipira yam'mwamba inkangouluka ndi mphepo, wamtaliyo n'kungoima manja m'chiuno kudikira. Mnzakeyo ankabwerera mpaka pakati, kulanda mpira, kuutsitsa pachifuwa, kupatsira mnzake wakumbali, iye n'kuthamangira m'bokosi. Mwana ameneyu anakulira pamchenga wa kunyanja, miyendo yake sitopa msanga, ndipo zimandiwawa kumuona pabenchi.

Wamtaliyo azilowa mphindi 25 zomaliza, otchinga kumbuyo atatopa, makamaka tikamapeza makona ambiri.